Kwa mayi amene Freddy anawasiya padzuwa

Mayi, pepani kwambiri. Mwalemba kuti Namondwe Freddy anakutengerani nyumba ndi mwana, ndipo chichokereni nthawi imeneyo abusa amangokuuzani kuti Mulungu adzakubwezerani kawiri ngati Yobu, chonsecho mudakali pa lendi m'chipinda chimodzi. Ndiye mukufunsa ngati chikhulupiriro chanu chili chochepa, kapena ngati pali tchimo limene munachita.

Za tchimozo zichotseni mumtima lero lomwe. Mu Marichi 2023 Freddy anatenga anthu opitirira 1,000, kuphatikiza amene sanapezeke, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Matope otsika m'phiri la Soche atafika ku Chilobwe sanafunse kuti nyumba iyi ndi ya mkulu wa mpingo kapena ya chidakwa. Chimodzimodzinso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Mvula inagwa masiku angapo osakata, mitengo m'mapiri inali itatha, ndipo anthu anamanga m'malo otsetsereka chifukwa ndi pomwe thumba lawo linafika. Yesu mwini, pa Luka 13, atatchula anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, anakana poyera kuti iwo sanali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu.

Tsono za Yobu. Abusa sakunama, koma mutu 42 umafunika kuwerenga modekha. Nkhosa zinali 7,000, zinakhala 14,000. Ngamira 3,000 zinakhala 6,000. Nanga ana? Anamwalira 10, ndipo anabadwa ena 10, osati 20. Ziweto zimabwezedwa, mwana ayi. Manda aja anatsala pomwepo, ndipo sindikhulupirira kuti Yobu anasiya kuwakumbukira ana oyambawo chifukwa choti khola ladzaza. Choncho munthu akamakuuzani kuti lekani kulira poti madalitso ali m'njira, ameneyo sanayambe wagonapo pa maliro a mwana wake. Lirani mayi, si kusakhulupirira kumeneko.

Pali vesi ina imene alaliki ambiri amaidumpha, ya 11. Abale ndi alongo a Yobu, pamodzi ndi anzake akale, anabwera kwawo, kudya naye, kumupepesa, ndipo aliyense anamupatsa ndalama ndi mphete yagolide. (Anali kuti nthawi imene ankadzikanda ndi phale paphulusa? Imeneyo ndi nkhani ina, abale timawadziwa.) Chimene ndikufuna muone n'chakuti mpamba woyambiranso sunagwe kuchokera kumwamba. Unadzera m'manja mwa anthu. Mulungu akamamanganso moyo wa munthu, kawirikawiri amatero kudzera mwa mnansi wobwereketsa chikombole cha njerwa, amayi a Mvano kapena a Dorika obwera ndi ufa, a mphakati odzathandiza kuponda dothi.

Ndipo nyumba yomangidwanso sifanana ndi yakale. Aisraele atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo n'kuyala maziko a kachisi watsopano, Ezara 3 ikunena kuti ambiri anafuula mokondwera pamene nkhalamba zimene zinaona kachisi woyamba zinkalira mokweza, moti womva sakanatha kusiyanitsa kulira ndi nthungululu. Tsiku limene mudzalowe m'nyumba yanuyanu mwina lidzakhala lotero, chifukwa pamphasa padzasowa mmodzi.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Wina aliyense wokuuzani kuti mubzale mbewu ya ndalama kwa iye kuti Mulungu afulumire, muthaweni. Munthu wotsala ndi chitenje chimodzi ndiye woyenera kulandira ku mpingo, osati kudyeredwanso. Ndalama imeneyo ikaikeni ku banki mkhonde, kapena mugule lata limodzi mulisunge kuseri kwa chitseko.

Komanso musabwerere kukamanga pamene madzi anadutsa, ngakhale malowo ndi anu. Ku Phalombe napolo anasesa midzi mu 1991, ndipo mu 2023 madzi anatsikanso m'mapiri a dera lomwelo. Kupemphera pa khwawa sikulisandutsa chitunda. Pitani kwa amfumu ndi ku khonsolo mukafunse za malo okwera, ndipo mufufuze ngati dzina lanu linalowa m'kaundula wa okhudzidwa.

Ku mpingo kwanu musamangoti “mundipempherere” basi. Anthu ambiri amafuna kuthandiza koma sadziwa poyambira, ndipo mwana wosalira amafera ku mbereko. Khalani pansi ndi mmisiri akuwerengereni njerwa, malata, mitengo ya denga ndi matumba a simenti a nyumba ya zipinda ziwiri. Pepala limenelo mukapereke kwa akulu a mpingo, ndipo mulilembenso muno m'gulu momwe munalemba funso lanu, kuti amene angathe thumba limodzi adziwe kuti likufunika.