Chifukwa chake sola payokha singathetse vuto la magetsi

Achimwene, mwafunsa kuti poti dzuwa tili nalo lambiri, bwanji osangodzaza sola paliponse kuti kuzimazima kuthe kuno ku Blantyre. Nkhani yagona pa kuyendera limodzi. Magetsi athu amayenda pa liwiro la 50 Hz, kutanthauza kuti amapita ndi kubwerera m'mawaya ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amayenera kuzungulira mogwirizana, ngati amayi atatu osinja mumtondo umodzi. Mmodzi akaphonya, minsi imawombana. Makinawo akasemphana chonchi amadzizimitsa okha kuti asapse, ife n'kutsala mumdima.

Makina a mu Shire ndi zitsulo zolemera kwambiri. Mafakitale a ku Makata akayatsa mamota nthawi imodzi, kulemerako kumagwiriziza liwiro kuti lisagwe msanga. Sola ilibe chozungulira, imadzera mu inverter (chipangizo chosandutsa magetsi a sola kuti afanane ndi a m'mawaya athu) yomwe imangotsatira liwiro lomwe yapeza. Ndiye taganizani mtambo utaphimba sola ya 60 MW (mamegawati, muyeso wa mphamvu ya magetsi) ku Salima masanasana: mphamvu imatsika mwadzidzidzi, makina amadzi n'kumathamangira kukwirira mpatawo.

N'chifukwa chake ine ya ku Golomoti imandisangalatsa. Ndi ya 20 MW, koma anaikako mabatire omwe amalowerera msangamsanga mtambo ukadutsa. Sola tiwonjezere ndithu, bola izibwera ndi mabatire ake.