Khodi ya ma thread pa Linux, Windows ndi macOS

Achimwene, mwati pulogalamu yanu ya C imayenda bwino pa Linux ndi pthreads (laibulale ya ma thread, omwe ndi zigawo za pulogalamu zoyenda nthawi imodzi), tsopano mukufuna iziyendanso pa Windows ndi macOS, ndiye mukufunsa ngati muziika #ifdef paliponse pamene pali mutex (loko yoletsa ma thread awiri kugwira chinthu chimodzi nthawi imodzi). Chonde musatero. Pakatha miyezi ingapo khodiyo simudzathanso kuiwerenga, ngakhale inu nomwe amene munailemba.

Muyambe mwaona ngati ntchitoyi ena sanakugwirireni kale. Ku C++, kuyambira C++11, kuli std::thread, std::mutex ndi std::condition_variable, ndipo GCC, Clang ndi MSVC onse amazidziwa. C11 inabweretsa threads.h, koma musaidalire kwambiri: glibc inailandira mu 2018 pa 2.28, Visual Studio mu 2023, ndipo pa macOS palibe. Ngati m'pulojekitimo muli kale libuv, GLib kapena SDL, ingotengani mutex ndi condition variable (chida chimene thread imadikirirapo mpaka ina iidzutse) zawo.

Mukaona kuti zanuzanu ndiye zabwino, lembani header imodzi yaing'ono, kenako mafayilo awiri, ina ya POSIX (ndiye kuti Linux ndi macOS), ina ya Windows. SQLite imachita chimodzimodzi, ili ndi mutex_unix.c ndi mutex_w32.c. Mukatsegule muone.

Koma pamene ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Kusintha maina a ma function n'kosavuta. Chovuta n'chakuti zinthu zooneka ngati zofanana sizichita zofanana. CRITICAL_SECTION ya Windows imalola thread imene yatseka kale kutsekanso kachiwiri. Mutex wamba wa pthreads salola zimenezo. Ndiye tiyerekeze mnzanu walemba save() pa Windows, imatseka loko, m'kati mwake n'kuitana write_log(), nayonso imatseka loko yomweyo. Kwa iye zonse zili bwino. Inu mukayendetsa pa Linux pulogalamu ingoima zii, osatulutsa uthenga uliwonse, chifukwa thread ikudikira loko imene yaigwira yokha. N'chifukwa chake ine ndimakonda SRWLOCK kumbali ya Windows. Inabwera ndi Vista pamodzi ndi CONDITION_VARIABLE, ndipo nayonso silola kutseka kawiri, motero cholakwacho chimaonekera mbali zonse. Header yanu izingolonjeza zokhazo zimene ma system onse atatu angakwanitse, ndipo mulembe zimenezo poyera pamwamba pa function iliyonse.

Nkhani ya nthawi nayo imagwetsa anthu. pthread_cond_timedwait imafuna muiuze nthawi yeniyeni imene kudikira kuthere, pomwe SleepConditionVariableSRW imafuna kuchuluka kwa ma millisecond. Pa Linux mutha kusankha CLOCK_MONOTONIC kudzera pa pthread_condattr_setclock kuti wina akasintha wotchi zisasokonekere, koma function imeneyo pa macOS palibe. Kumeneko mugwiritse pthread_cond_timedwait_relative_np. Function yanu izingolandira ma millisecond, zotsalazo zibisike m'kati. Ndipo kudikira kulikonse kukhale mu while, osati mu if, popeza thread imatha kudzuka popanda woidzutsa, pa Windows ndi pa POSIX pomwe.

Musanamizidwe kuti macOS ndi Linux ndi amodzi. sem_init pa macOS imadutsa bwinobwino pa compile, koma poyendetsa imangobweza cholakwa. pthread_barrier kulibe. Semaphore ingodzimangirani ndi mutex, condition variable ndi nambala yowerengera, ndi mizere yochepa chabe. Stack nayo muziitchula nokha popanga thread: pa Linux nthawi zambiri ndi 8 MB, pa Windows 1 MB, pa macOS thread yowonjezera imapatsidwa 512 KB basi. Array yaikulu imene inakwana pa Linux ikhoza kugwetsa pulogalamu pa Mac.

pthread_cancel ndi TerminateThread musaziike n'komwe mu header. Thread yophedwa ili ndi loko m'manja imasiya anzake akudikira mpaka kalekale. Ikani flag, mudzutse thread ija, ituluke yokha, inu muchite join.

Ma flag amenewo akhale atomic, osati volatile. Pa x86 mukhoza kupulumuka nazo, koma ma Mac a M1 kupita m'tsogolo ndi ARM, ndipo ARM imasinthanitsa ndondomeko ya kuwerenga ndi kulemba mu memory momasuka kuposa x86. Pa Linux yendetsani mayeso anu ndi -fsanitize=thread, ndipo CI (dongosolo loyendetsa mayeso lokha) iziyesa ma system onse atatu pa commit iliyonse. Mukalemba header ija muitumize muno tiionere limodzi musanayambe fayilo ya Windows.