Zombo zikamathawa zonse nthawi imodzi: kukonza lamulo la mantha

Wowerenga wina watumiza imelo: "Timasewera nkhondo ya zombo zamumlengalenga patebulo. Lamulo lathu limati theka la zombo likaphwasuka tiponye dayisi limodzi, likatikana gulu lonse lithawe. Masewera akumathera panjira. Tikonze pati?"

Vuto lili pa dayisi limodzilo. Nkhondo ya maola awiri mwaisenzetsa kuponya kamodzi, ndipo wogonja amadzuka osadziwa pamene analakwitsa. Koma lamulo la mantha musalichotse, chifukwa popanda ilo aliyense amamenya mpaka chombo chomaliza, zomwe mtsogoleri wanzeru sangachite.

Chombo chilichonse chiziyesedwa pachokha, ndi madayisi awiri. Chipatseni nambala ya kulimba mtima, kuyambira 6 mpaka 9, monga zilili m'masewera otere otchedwa Battlefleet Gothic a kampani ya Games Workshop, omwe anatuluka mu 1999. Madontho a madayisi awiriwo pamodzi akapanda kupitirira nambalayo, chombo chapirira. Madayisi awiri amagwa m'njira 36: cha 9 chimapirira m'njira 30, cha 8 m'njira 26, cha 7 m'njira 21, cha 6 m'njira 15 zokha. Taonani phompho lili pakati pa 7 ndi 6. Kuchotsera 1 yekha kumapweteka kwambiri, ndiye zilango zonse zochotsera pa nambalayo pamodzi zisapitirire 2.

Musamayese raundi iliyonse. Yesani chombo chikataya theka la mphamvu zake, kapena chombo cha mtsogoleri chikaphulika pasanathe masentimita 30 kuchokera pomwe choyesedwacho chili.

Chikalephera koyamba, chagwedezeka chabe. Ikani kachizindikiro pambali pake: sichingayandikire mdani, ndipo chimaombera ndi theka la mizinga. Raundi yotsatira ikamayamba chiponyenso. Chikapirira, chotsani kachizindikiroko. Chikalepheranso, chitembenukire kumphepete kwa tebulo komwe kuli pafupi.

Pomwe ambiri amagwa mpapa: amalola chombo chothawa kuopseza zinzake. China chimathawa, choyandikana nacho chiyesedwa, nachonso chithawa, mzere wonse n'kutha raundi imodzi. Kuthawa kusamayambitse mayeso, ndipo chombo chisayesedwe kawiri pa raundi.

Konzaninso mapointi. Chombo chophwasuka chipatse mdani mtengo wake wonse, chotuluka patebulo chili chamoyo chimupatse gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukatero wosewera adzayamba kubweza yekha zombo zovulala madayisi asanamukakamize. Ngati zikuthawabe msanga, kwezani nambala za kulimba mtima za zombo zonse ndi 1 musanakhudze lamulo lina.