Pa renti ya miyezi 12, umodzi ndi wa nyumbayo

Achemwali, mwafunsa kuti pa nyumba ziwiri zalendi zomwe mwangomaliza kumanga ku Area 25 muzipatula ndalama zingati zokonzetsera zikayamba kuwonongeka. Ine ndili nazo zitatu ku Machinjiri, ndiye ndikuuzani mmene ndimachitira, inu mutolepo zomwe zingakuthandizeni.

Pa chaka, renti ya mwezi umodzi sindiyiwerengera kuti ndi yanga. Imeneyo ndi ya nyumba. Zanuzo poti n'zatsopano zaka zoyambirira muziona ngati ndalamayo ikungokhala, koma dikirani zikalambe pang'ono. Yanga yakale kwambiri imadya ya miyezi iwiri osakhuta.

Chomwe chimawononga kwambiri ndi madzi. Chaka china mlendi wanga anandiimbira kuti pakona ya kuchipinda pakudontha. Ndinati ndibwera mwezi ukatha, iye n'kutchera beseni. Mwezi unatha, wina unathanso. Tsiku lomwe ndinapita ndi kalipentala tinapeza siling'i itafufuma ngati chigumu, utoto ukusupuka, ndipo atakwera kudenga anakhudza thabwa limodzi ndi chala n'kuboola. Linali litawola, chiswe chitamalizitsa. Vuto lenileni linali misomali itatu yomwe inasukusa pa lata. Ntchito yoti ikanatha ndi misomali ndi phula inafuna matabwa, siling'i ndi penti wa chipinda chonse, mlendiyo n'kudulanso renti chifukwa matilesi ake anavunda. Sindinatsutse, kulakwa kunali kwanga. Kuyambira pamenepo Okutobala aliyense ndimakweza munthu padenga mvula isanagwe, aone misomali, achotse masamba m'magatala, ine ndikuzungulira pansi kuona ngalande ndi mizere ya chiswe m'makoma. Ife a ku Blantyre kuno namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anatiphunzitsa kuti madzi akasowa njira amadzipangira okha, ndipo mipanda yambiri inagwera pomwepo.

Zing'onozing'ono ndi zosatha: mpopi wodontha, loko, thanki ya chimbudzi yosasiya kuthira, soketi yopsa. Gulani zolimba kamodzi. Mipopi yotchipa ija ndinasintha katatu ndisanaphunzire. Septic tank nayo idzadzaza tsiku lomwe mulibe ndalama, ndipo apopi sabwera pangongole.

Nkhani ya kusunga ndalamayo ndiyovutirapo masiku ano. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe ndinasunga zogulira malata zinangotsala dzina. Panopa ikakwana ndimagula katundu amene sawola, monga malata angapo, maloko, mapaipi, n'kuika m'sitolo kunyumba. Simenti yokha musasunge, imauma m'thumba. Ndalama ina pang'ono izikhalabe pafupi, pa foni kapena ku banki, ya zadzidzidzi.

Mlendi asanalowe mulemberane. Babu, galasi losweka, kiyi wotayika, sinki yotsekeka ndi nsima, zimenezo ndi zake. Denga, mapaipi a m'khoma, waya wa magetsi ndi zanu. Jambulani nyumba yonse pa foni iye ali pomwepo, mutenge dipoziti, ndipo dipozitiyo musadye (ndikudziwa kuti imakoma) chifukwa potuluka ndi imene imapentetsa. Ngati nyumba ziwirizo zili pa mita imodzi ya ESCOM kapena ya Water Board, yesetsani aliyense akhale ndi yake, apo ayi mudzakhala woweruza milandu ya mayunitsi mwezi ndi mwezi. Musaiwalenso ma city rates, nawo amachoka pa renti yomweyo.

Amisiri musamawapatse ndalama zonse ntchito isanathe. Pulambala wina ndinamupatsa zogulira zipangizo ndi za ntchito pamodzi, anakumba bafa n'kuzimitsa foni sabata ziwiri, alendi akusamba panja. Pano zipangizo ndimakagula ndekha, iye amalandira theka poyamba, theka linalo ndikatsegula mpopi ndi dzanja langa n'kuona kuti pansi pauma.