Funsani Tiyankhe: Galimoto yotulutsa madzi ku ekizosi, bwanji sinadzaze m'misewu?

A Mkonzi, ine ndine makanika, zaka zambiri ndakhala ndikukonza ma injini a petulo ndi dizilo. Tsiku lina ndinaona kavidiyo pa Facebook munthu akutchera kapu ku ekizosi ya galimoto n'kumatuluka madzi, akuti imayendera hydrogen ndipo siitulutsa utsi olo pang'ono. Ndi zoona zimenezi kapena angopanga pa kompyuta? Nanga ngati zili zoona, bwanji makampani ndi maboma sakungosiya dizilo n'kuyamba zimenezi?
Makanika wofuna kudziwa

Achimwene, zimene munaonazo ndi zoona, si zopanga ayi. Toyota Mirai, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2014, komanso Hyundai Nexo ya 2018, zimatulutsadi madzi basi. Koma mukatsegula boneti simupezamo ma pisitoni kapena ma pulagi, mulibe chikuyaka mmenemo. Ndi galimoto yamagetsi imeneyo, kungoti magetsi ake imapanga yokha ikuyenda. Hydrogen, yemwe ndi mpweya wopepuka kwambiri, amachoka mu thanki n'kulowa mu bokosi lotchedwa fuel cell, mkati mwake muli timapepala tambirimbiri tosanjikizana topakidwa pang'ono chitsulo chodula chotchedwa platinum, nde platinum ija imamugawa hydrogen pawiri, gawo limodzi limadutsa pa kapepala kopyapyala koma gawo linalo, ma electron, tinthu tonyamula magetsi, sangadutsepo, amazungulira kudzera mu waya, kuzungulira kumeneko ndiye magetsi oyendetsa mota. Zikakumananso tsidya linalo ndi okosijeni wa mu mpweya, chotsala ndi madzi ndi kutentha.

Nzeru yake si ya dzulonso. William Grove anaonetsa zimenezi ku Britain mu 1839, ndipo m'ma 1960 a NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a mlengalenga, anaika ma fuel cell mu zombo za Apollo zopita ku mwezi, anthu anali mmenemo ankamwa madzi omwewo.

Funso lanu lachiwirilo ndi pamene pagona nkhani. Hydrogen si woti ungomutunga penapake, amakhala ataphatikana ndi zinthu zina, m'madzi kapena mu gasi, nde umayenera kumupatula kaye ndipo kupatulako kumadya mphamvu zambiri. Pafupifupi hydrogen yense amene dziko likugwiritsa ntchito panopa amachokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi malasha, ndipo kilo imodzi yochokera ku gasi imasiya makilo pafupifupi 10 a carbon dioxide. Ku ekizosi kukuoneka koyera koma utsi unatulukira kale ku fakitale. Njira yabwino ndi kugawa madzi pogwiritsa ntchito magetsi a sola kapena a mphepo, koma kuti upeze kilo imodzi pamafunika mayuniti a magetsi 50 kapena kuposa, ukatero umupanikize mu thanki mpaka 700 bar (inu mukudziwa kuti tayala la galimoto yaing'ono mumapopa 2 bar ndi pang'ono, nde taganizani thanki yake kulimba kwake), umunyamule pa lole, kenako umusandutsenso magetsi. Paliponsepo mphamvu ikutayika. Pa mayuniti 100 amene unayamba nawo, ofika ku matayala ndi ngati 30, pamene galimoto ya batire imafikitsa 70 kapena kuposa. Kampani ikaika zimenezi pa pepala imaona yokha kokhotera.

Kuonjezera apo malo omwetsera ndi ochepa kwambiri ndipo kumanga kwake n'kodula. Mu February 2024 Shell inatseka malo ake omwetsera hydrogen magalimoto ang'onoang'ono ku California, ndipo ine anthu amene anagula magalimotowo ndimawamvera chisoni, galimoto ili bwinobwino koma koimwetsa kwachepa. Mzinda wa Montpellier ku France unkafuna mabasi 51 a hydrogen, mu 2022 unasintha maganizo n'kusankha a batire utaona mtengo woyendetsera.

Komatu musaganize kuti zalephereratu. Kumene zagwira bwino ndi kumene makina amagwira ntchito usana ndi usiku n'kumabwerera pa malo amodzi. M'nyumba zosungira katundu za Walmart ndi Amazon ku America muli ma forklift ambirimbiri oyendera fuel cell za kampani ya Plug Power, dalaivala amaima pa pampu mphindi zochepa chabe n'kubwerera ku ntchito, osadikira maola kuti batire itchaje, ndipo pampu imodzi yomweyo ikumwetsa makina onse. Ku Switzerland malole a Hyundai Xcient anayamba kunyamula katundu mu 2020, chifukwa lole yaikulu ukaiika batire yokwanira ulendo wautali, batireyo imadya malo a katundu. Ku Germany sitima ya Coradia iLint ya kampani ya Alstom inayamba kunyamula anthu mu 2018 pa njanji zopanda mawaya a magetsi.

Maboma nawo alowamo. Japan inatulutsa ndondomeko yake ya hydrogen mu 2017, Germany mu 2020 n'kuikapo ma euro 9 biliyoni. Koma mmene ndikuonera ine, maso awo ali kwambiri pa mafakitale a zitsulo ndi feteleza, amene batire singawathandize, kusiyana ndi pa galimoto ya banja. South Africa nayo ili tcheru chifukwa platinum wambiri pa dziko lonse amakumbidwa kumeneko, mpaka mu 2022 Anglo American inaonetsa chilole cha mu mgodi choyendera hydrogen ku Mogalakwena.

Inuyo ngati makanika, ndikanakhala inu ndikanayamba panopa kuphunzira za mota yamagetsi, ma inverter ndi mabatire, chifukwa kaya galimoto ndi ya batire kaya ya hydrogen zimenezi zilimo ndithu, Mirai yomweyo ili ndi kabatire kake. Mawaya a orenji a m'magalimoto oterewa musamawagwire musanathimitse magetsi, amapha. Ndipo hydrogen sanunkha, moto wake masana suoneka bwino ndi maso, nde tsiku limene galimoto yotere idzalowe mu galaja mwanu padzafunika kachipangizo kodziwira ngati akutuluka komanso denga lotulutsa mpweya, chifukwa iyeyu akathawa amakwera m'mwamba n'kukadzadza kudengako.