SOS siimira mawu alionse, koma OK ndi nthabwala ndithu

Achimwene, munafunsa za chiyambi cha SOS ndi OK. Mnzanuyo wakunamizani: SOS siimira "Save Our Souls" monga akunenera. Ndi chizindikiro chopemphera thandizo pangozi basi, cha m'kalembedwe ka Morse kotumizira mauthenga pa wailesi: timadontho titatu, timizere titatu, timadontho titatu. Germany inayamba kuchigwiritsa ntchito mu 1905, mayiko ena n'kudzachivomereza pamsonkhano wa ku Berlin mu 1906, chifukwa n'chosavuta kutumiza ndiponso kuchizindikira ngakhale wailesi ikuchita phokoso. Tanthauzo lijali anthu anachita kumata pambuyo pake.

Koma pa chiyambi cha OK, nthabwala ilipodi. Mu 1839 nyuzipepala ya ku America ya Boston Morning Post inalemba "o.k." ngati chidule cha "all correct", polakwitsa dala kalembedwe ngati kuti mawuwo amayamba ndi O ndi K. Atolankhani a nthawiyo ankakonda masewera otere. Chaka chotsatira otsatira a pulezidenti wa America Martin Van Buren, amene ankatchedwa Old Kinderhook (O.K.), anatola mawuwo n'kuchitira kampeni, basi mawu aja n'kufalikira.

Ine ndinachitapo manyazi ndi zoterezi. Ndinauza gulu lonse kuti "news" ndi North, East, West, South, ndili nganganga, mpaka wina anatsegula dikishonale n'kundionetsa kuti amangochokera ku "new". Kuyambira pamenepo, mawu akale akabwera ndi chidule chokoma kwambiri ndimakayika, chifukwa zidule zowerengeka ngati mawu, monga radar kapena Edzi, zinachuluka m'zaka za m'ma 1900.

Ngati mukufuna kuziika m'lipoti la kusukulu kapena m'buku, muonane ndi katswiri wa zilankhulo kaye, musangodalira mauthenga oyendayenda pa WhatsApp.