Za Abdisalam Ibrahim, mnyamata wa ku Somalia uja

Achimwene, mwafunsa ngati alipo wosewera mpira wobadwira ku Somalia amene anapondako mu Premier League. Alipo ndithu: Abdisalam Ibrahim, amene ambiri ankangomutcha Abdi.

Anabadwa mu 1991, nthawi imene dziko lawo linkalowa m'nkhondo yapachiweniweni. Anasamukira ku Norway ali kamwana, ndipo mpira anauphunzirira kumeneko, ku timu ya Fjellhamar. Manchester City inamutenga mu 2007. Ankasewera pakati, wamtali, miyendo yaitali, moti ena ankamufanizira ndi Patrick Vieira, katswiri wapakati wa ku France. Mu 2010 mphunzitsi wa City, Roberto Mancini, anamuyambitsa pa masewero a FA Cup ndi Scunthorpe, kenako mu February anamulowetsa kuchokera pabenchi pa masewero a ligi ndi Liverpool, amene anathera 0-0.

Kwa ine, chimene chinamupweteka ndi nthawi. City inali itangogulidwa ndi Sheikh Mansour mu 2008, ndalama zili mbwee. Pamalo apakati pomwe iye ankasewera panafika katswiri Yaya Touré. Nanga mnyamata wa zaka 19 akanamulanda bwanji malo? City inayamba kumangomubwereketsa kumatimu ena: Scunthorpe yomwe ija, NEC ya ku Netherlands, kenako Strømsgodset ya ku Drammen. Kumeneko ndi kumene zinamuyendera, chifukwa mu 2013 anatenga nawo ligi ya Norway pansi pa mphunzitsi Ronny Deila.

Mu 2014 anapita ku Olympiacos ku Greece, koma sanakhazikikeko. Pambuyo pake anabwerera ku Norway, kumatimu a Viking ndi Vålerenga.